Mchenga wa Pansi pa Pampu

Munthu amene anagwirapo ntchito yothira mafuta m'galimoto safika pa filing'i siteshoni ngati anthu ena. Ena amayang'ana mtengo wa petulo ndi kutalika kwa mzere. Ine ndimayang'ana pansi. Pansi pa pampu pakakhala poyera, ndimadziwa kuti zinthu zili bwino. Koma pakakhala mchenga wothiridwa dala, woyera pamwamba koma wakuda m'munsi, ndimadziwa kuti pali chimene chikubisidwa. Nzeru imeneyi ndinaiphunzira ku Joni, ndipo anailipira ndi mnzanga, osati ine.

Ndinachoka ku Chimwankhunda mwana wathu Chisomo asanayambe sukulu. Ndinasiya nyumba ya njerwa itafika pamwamba pa mawindo, yopanda denga, mkazi wanga akukhala m'kachipinda ka lendi. Pa Wenela, basi isananyamuke, tinapemphera chiimirire pakati pa zikwama za anthu. Ndinalonjeza Mulungu zinthu ziwiri: kuti ndidzabwera ndi malata, ndiponso kuti kudziko lachilendoko sindidzadya chakudya chopezeka ndi bodza. Lonjezo loyamba ndinkaliganizira tsiku lililonse. Lachiwirilo linandithawa pa tsiku limene linkafunika.

Ku Joni ndinafikira m'chipinda chakuseri kwa shopu, momwe tinkagona amuna asanu ndi mmodzi, tonse akuno kumudzi. Kuzizira kwa kumeneko sikufanana ndi kwa kuno. Kumalowa m'mafupa ngati munthu wokwiya. Amene anandigawira bulangeti lake sabata yoyamba anali Jafali, Myawo wa ku Ntaja, munthu wamfupi, wosachedwa kuseka. Ndiyenso anandipezera ntchito pa filing'i siteshoni pomwe iye ankagwira. Jafali ankapemphera atayala katoni pansi, ine ndinkagwada m'mbali mwa matilesi. Sitinakanganepo za chipembedzo. Ankangonditcha Abusa.

"Abusa, pempherani mwachangu, magalimoto a azungu sadikira ameni," ankatero.

Ndiye anandiphunzitsa ntchito yonse. Chitsulo chimene umagwira pothira mafuta ife tinkachitcha mfuti. Ukaiika m'thanki ndi kuitsekera, imathira yokha, ndipo thanki ikadzadza imadula yokha, kumveka kuti thwa. Nthawi imeneyo iwe umakhala ukupukuta galasi la kutsogolo, chifukwa lamulo la bwana linali lotero, komanso kakobidi kothokoza kankachokera pagalasi pomwepo. Pambali pa pampu iliyonse pankakhala ndowa yofiira ya mchenga wozimitsira moto. Koma moto sindinauonepo. Ntchito yeniyeni ya mchengawo inali kukwirira mafuta otayika kuti makasitomala asaone.

Chaka china mfuti ya pampu yachinayi inayamba kuvuta. Nthawi zina inkadula, nthawi zina ayi. Tinamuuza bwana katatu. Yankho lake linali limodzi: tidikire mwezi uthe. Mwezi unatha, wina unathanso, ife m'mawa uliwonse tikuthira mchenga watsopano pamwamba pa wadzulo.

Tsiku lina masana kunabwera bambo wina pagalimoto yaikulu, atavala suti ngati akupita ku ukwati. Pampu zina zinali ndi anthu. Jafali anaika mfuti ya pampu yachinayi, nkupita kukapukuta galasi. Mfuti sinadule. Petulo anasefukira, kutsika m'mbali mwa galimoto, kulowa pakhomo lomwe linali lotsegula, kunyowetsa kapeti, nsapato ndi thalauzi la bamboyo. Bamboyo sanakuwe. Anangotulutsa foni nkuyamba kujambula, ndipo tinadziwa kuti nkhani yakula.

Mawa lake bwana anandiitanira muofesi. Patebulo panali pepala lachingerezi lolembedwa kale. Linkanena kuti ine ndinaona ndi maso anga Jafali akusiya pampu osaiyang'anira, ndiponso kuti pampuyo inalibe vuto. Bwana analankhula mofatsa kwambiri. Anati pepalalo linali longokhazikitsa mtima pansi wa kasitomala, Jafali angolandira chenjezo basi. Kenako anandikumbutsa kuti masiku anga okhalira m'dzikomo anali atatha kalekale, ndipo iye wakhala akungotsinzina.

Ndinasaina. Chimene chimandiopsa mpaka lero nchakuti dzanja langa silinanjenjemere nkomwe. Mumzinda umenewo mulibe atambala, koma nditangotuluka muofesimo galimoto ina inaliza hutala kawiri, ndipo ndinadziwa chimene ndachita.

Jafali anamuchotsa ntchito sabata yomweyo. Analongedza chikwama chake, nkundisiyira poto wake wophikira. "Abusa, muzindipempherera," anatero ali pakhomo. Pasanathe mwezi tinamva kuti apolisi amugwira mumsewu akufunafuna ganyu, ndipo amubweza kumudzi ndi zovala za m'thupi zokha. Ine ndinatsala, ndikuphikira m'poto wake zaka zina zambiri.

Kuyambira pamenepo sindinakhulupirirenso munthu. Ndinkagona ndi nsapato zanga kumutu. Wina akandimwetulira ndinkadzifunsa kuti akufuna chiyani. Anzanga ankati Joni wandiumitsa mtima, koma sanali Joni. Munthu amene waona chimene dzanja lake lomwe lingachite atangomaliza kupemphera, sakhulupiriranso dzanja la wina. Kutchalitchi ndinkapitabe. Mawu a Mulungu ndinkawerengabe m'mawa uliwonse, koma ndikafika pamene pakunena za umboni wonama, ndinkatembenuza tsamba mwachangu ngati munthu wodutsa pakhomo pa galu.

Ndalama za malata ndinkatumiza kudzera kwa alamu anga a Makwinja, mchimwene wa mkazi wanga, chifukwa iwo ndiwo ankadziwa za mabanki ndi za mitengo ya zipangizo. Pafoni ankangoti, "Zikuyenda, alamu, musadandaule." Tsiku limene ndinabwerera, ndinapeza nyumba ili chimodzimodzi momwe ndinaisiyira, kupatula kuti pabalaza panamera mtengo wa papaya wobereka kale. Alamu anandifotokozera kuti zinthu zinakwera mtengo, kunagwa maliro, apongozi anadwala. Zonsezi anandifotokozera atatsamira pikapu yoyera imene analibe pamene ndinkachoka.

Mkazi wanga nayenso sanali yemwe ndinamusiya. Anali atayamba geni mumsika wa Limbe, mawu ake atakula, akudziwa kubweza mawu kwa oitanira minibasi. Chisomo anali atandipitirira msinkhu, akundipatsa moni ngati mlendo wa kutchalitchi. Ndinkakhala pakati pawo ndikuwayang'ana, ndikudzifunsa kuti ndani akudziwa chiyani za malata aja.

Mwayi wake, malipiro anga omaliza sindinatumize kwa munthu. Ndinagulira mabulangeti, aja okhuthala a ku Joni amene anthu kuno amawakonda, mabelo atatu. Ndinawapereka kwa onyamula katundu kuti andipeze kuno. Maganizo anga anali akuti mkazi wanga awagulitse ku Limbe nyengo yozizira, tifolere nyumba mvula isanagwe. Mabelo atatu amenewo ndiwo anali denga langa, ndiponso ndiwo anali yankho langa kwa aliyense wofunsa kuti ku Joni ndinkakatani zaka zonsezo.

Mabelowo atafika pa Wenela, tinapita kukawatenga pa pikapu ya alamu yomweyo. Sindinafune, koma mkazi wanga anati kubwereka galimoto ya wina pamene ya mchimwene wake ilipo kukanakhala kuyambitsa nkhondo. Inali nthawi imene mafuta ankasowa. Tili m'njira alamu analandira foni yoti dizilo wafika pa filing'i siteshoni ina ku Limbe, ndipo tinakaima pamzere ndi katundu yemwe. Tinafika kutsogolo dzuwa lili paliwombo. Anatilozera pampu yachitatu.

Ndinatsika, nkuyang'ana pansi monga mwa chizolowezi. Mchenga. Woyera pamwamba, wakuda m'munsi. Ndinakweza maso kutsata paipi mpaka pomwe imalumikizana ndi pampu, ndipo ndinaona kuti pamenepo pakulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga.

"Alamu, tisathire apa," ndinatero. "Tiyeni pampu inayo."

"Aa, mzere wonsewu tiyambirenso? Alamu, mantha a ku Joni aja muwasiye ku Joni komweko. Kuno nkwanu."

Wothira mafuta anali mayi wa msinkhu wa mkazi wanga, pachifuwa pake palembedwa dzina loti Enelesi. Anaika mfuti m'thanki nkukanikiza. Mphira uja unadumuka. Dizilo anathovoka ngati paipi ya madzi ikaphulika mumsewu, kupita m'mwamba nkugwera kumbuyo kwa pikapu, pamwamba pa mabelo anga. Akanakhala omata bwino mwina akanapulumuka, koma pa bodala anali atawang'amba kuti aone zamkati, ndipo dizilo analowera m'ming'alu momwemo. Mayi uja anathamanga kudutsa mumvula ya dizilo kukazimitsa magetsi a pampu. Anabwerera yunifolomu yonse ikudontha.

Anthu anali kukuwa, ena kuseka, ena kujambula. Ine sindinakuwe. Ndinawerama, nkutulutsa jumbo yomwe inali m'thumba mwanga, nkutapa mchenga wa pansi pa pampu, wam'munsi weniweni, manja awiri. Ndinatolanso mphira uja pomwe unagwera. Sindinadziwe kuti ndidzachita nazo chiyani. Kunali kusakhulupirira anthu kuja basi, kumene mkazi wanga amati ndi matenda.

A manijala anatuluka muofesi, bambo wovala tayi, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi. "Pepani kwambiri, madala," anatero. "Izi ndi ngozi. Mubwere mawa tidzakambirane za chipukuta misozi."

Ndinabwera mawa. Paipi inali yatsopano, pansi pa pampu atasesa poti mbee, ngati palibe chinachitikapo. A manijala anali atapita ku msonkhano. Ndinabwera mkuja, anati eni ake a siteshoni ali kunja kwa dziko. Sabata inayo anati akudikira a inshulansi. Ndinayenda ulendo wa ku Limbe mpaka oitanira minibasi pa siteji anayamba kundidziwa. Mayi Enelesi akandiona ankayang'ana kumbali. Ndinati mumtima mwanga, nayenso ali m'gulu lomweli.

Kunyumba mkazi wanga anachapa mabulangeti aja ndi sopo wa ufa, ndi mandimu, ndi madzi otentha. Zingwe za nyumba zitatu zinadzadza. Dizilo sachoka. Anatenga angapo kupita nawo kumsika, anthu ankawagwira, kuwayamikira kukhuthala, kuwanunkhiza, nkuwabweza.

"Bambo a Chisomo," anatero mkazi wanga tsiku lina akukamula bulangeti, "anzanu amabwera ku Joni ndi galimoto. Inu mwabwera ndi fungo."

Ndinayamba kuwaonetsetsa alamu. Pikapu yawo inaleka kuima pamzere wa mafuta, koma thanki inkakhala yodzadza. Tsiku lina ndinawaona kudzera pawindo la ofesi ya siteshoni, akumwa zoziziritsa kukhosi ndi a manijala, akuseka. Madzulo a tsiku lomwelo anafika kunyumba akusisita manja.

"Alamu, nkhani yanu ndaikonza. Akulipirani mabelo onse atatu, mtengo wogulitsira, osati wogulira. Kwangotsala kakalata kamodzi koti musaine."

"Kakuti chiyani kakalatako?"

"Zachizolowezi basi. Kuti mayi uja anali pafoni, anakoka paipi mosasamala. A inshulansi safuna kumva za paipi yakale. Mayiyo sachitidwa kanthu, ndi chenjezo chabe."

Mawu amenewo ndinali nditawamvapo, m'chilankhulo china, muofesi ina. Ndinamva kuzizira kwa ku Joni kukulowa m'mafupa mwanga. Koma sindiname: ndinaonanso malata akunyezimira pamwamba pa nyumba yanga. Ndinawauza alamu kuti ndiganize kaye.

Lamulungu, tikutuluka m'tchalitchi, ndinapeza mayi Enelesi ataima panja pa mpanda, atavala chitenje ndi duku. Popanda yunifolomu ndinatsala pang'ono kuwadutsa. Funso loyamba m'mutu mwanga linali loti wawalozera ndani tchalitchi chathu, Limbe ndi Chimwankhunda kutalikirana chonchi.

"Bambo, ndabwera kudzakupemphani," anatero atapinda mawondo pang'ono. "Kalata ija musaine."

"Wakutumani ndani, mayi?"

"Yandituma ndi njala ya ana anga."

"Tsiku lija munali pafoni?"

"Foni yanga inali pa chaja muofesi."

"Ndiye mwayenda ulendo wonsewu kudzandipempha kuti ndikunamizireni?"

Anayang'ana pansi. "Inu simukudziwa momwe zimakhalira pantchito pathu. Mukasaina, azindidula malipiro pang'onopang'ono ngati shoteji, ndalama zoperewera pa malonda, koma ntchito ikhalapo. Mukakana, nkuyamba kunena za paipi, ati ndakuuzani ndine. Kasitomala angadziwe bwanji za paipi? Andichotsa tsiku lomwelo."

"Mayi, pepala limenelo likasainidwa, ndi lomwelo adzakuchotsereni. Mwina osati mwezi uno. Lidzakhala mu kabati kudikira tsiku limene adzakutopereni."

"A manijala alonjeza."

"Amalonjeza."

Anandiyang'ana ngati munthu wouma mtima, ndipo mwina ndinaonekadi choncho. Anatsanzika nkumapita. Ndinawayang'ana mpaka pa siteji kuti ndione ngati pali pikapu yoyera ikuwadikira. Sindinaione. Komabe mtima sunakhazikike.

Kunyumba ndinapeza mkazi wanga akuyang'ana kumwamba. Mitambo inali itayamba kusonkhana cha ku phiri la Soche. "Mvula ikubwera, bambo a Chisomo," anatero. "Mwini wake mayiyo akuti musaine. Achimwene akuti musaine. Inu mukudikira mngelo?"

Ndinakhala pa mpando, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamuuza za Jafali. Bulangeti limene anandigawira, pampu yachinayi, pepala, poto. Ndinamuuza kuti ndalama zonse zimene ndinatumiza pambuyo pake zinadutsa pa siginecha imeneyo, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti nchifukwa chake sizinasanduke denga. Nditamaliza, iye anati, "Ndiye nchifukwa chake mumabuula kutulo." Analowa m'nyumba, nkutulutsa shati yanga yoyera ya kutchalitchi, nkuyamba kukoleza makala a simbi.

M'mawa mwake ndinagwada nthawi yaitali. Sindinapemphe denga. Ndinapempha kuti dzanja langa linjenjemere.

Muofesi ndinapeza a manijala ndi alamu atakhala kale. Kalata inali patebulo, cholembera pamwamba pake. A manijala anaitanitsa mayi Enelesi kuti adzakhale mboni, ndipo anaima pafupi ndi chitseko, manja kumbuyo. Ndinawerenga kalata yonse pang'onopang'ono. Chingerezi chake chinali ngati chija cha ku Joni, ngati analemba munthu mmodzi.

Ndinatulutsa jumbo m'chikwama, nkukhuthulira mchenga uja pamwamba pa kalatayo. Unagwa m'zibuma zakuda. Pambali pake ndinaika mphira.

"Madala, ndi chiyani chimenechi?" a manijala anadzuka akukutumula thalauzi.

"Mchenga wanu, bwana. Wa pansi pa pampu yachitatu. Ndinatapa tsiku lomwe lija musanasese. Mchenga umene wanyowa lero umakhala wotayana. Kuti ugwirane chonchi ngati chigumu, ndiye kuti wamwa dizilo masabata ambiri, wina akuthira watsopano pamwamba m'mawa uliwonse. Mphira uwu taukanikizani. Wafewa, watupa. Chubu cha njinga sichitupa chonchi tsiku limodzi."

A manijala anatembenuka kuyang'ana mayi Enelesi. "Wakuuzani ndani zimenezi?"

"Musawayang'ane mayiwo. Yang'anani manja awa." Ndinawatambasula patebulo, ming'alu yonse ya petulo ikuoneka. "Ndagwira mfuti ku Joni zaka zambiri kuposa zimene inu mwavala tayi. Mchenga wotere ndathira ndi manja anga omwewa. Mayiwa sanandiuze kanthu. Anabwera mpaka kutchalitchi kwathu kudzandipempha kuti ndiwanamizire, kuti inu musavutike. Wantchito wotere mumupezanso kuti?"

Mayi Enelesi anali akuyang'ana pansi.

"Kalata iyi sindisaina," ndinapitiriza. "Ndinasainapo ina yotere, ndipo munthu wake sindinamuonenso. Ngati mukufuna kundipepesa, mundipepese chifukwa paipi yanu inali yotha. Ngati simukufuna, mchengawu ndiubwezera m'jumbo, ndikaufunsire nzeru ku ofesi ya boma yoyang'anira za mafuta. Ndipo ndizidutsa pano sabata iliyonse kuona ngati mayiwa akadali pantchito."

Alamu anamenya tebulo. "Alamu, mwapenga? Mukutaya denga chifukwa cha mzimayi wosamudziwa nkomwe!"

"Denga ndinalitaya kale, alamu," ndinayankha. "Lili panjapo, lili ndi matayala anayi."

Alamu sanandilankhulenso miyezi itatu. A manijala anakoka kalata ija pansi pa mchenga, nkuikutumula, nkuiponya mu dilowa. Anati alankhula ndi eni ake. Ndinatapa mchenga wanga wonse, osasiyako, nkutuluka. Ndili panja ndinaona kuti manja anga akunjenjemera moti ndinalephera kumanga jumbo. Ndinathokoza Ambuye pomwepo, pakati pa mzere wa magalimoto.

Mvula yoyamba inatipeza tili m'kachipinda ka lendi. Patapita masabata angapo a manijala anandiitana, nkundipatsa envelopu yopanda kalata iliyonse, yopanda posaina. Za mkatimo sizinafike ngakhale theka la mabelo aja. Zinakwana kufolera chipinda chogona ndi cha Chisomo. Pabalaza mpaka lero ndi poyera, ndipo papaya uja tinamusiya, akuberekabe. Mabulangeti ena tinagulitsa motchipa kwa alonda, amene amati fungolo limathamangitsa udzudzu.

Mayi Enelesi akadali pa pampu. Ndikadutsa amandipatsa moni mwaulemu, osaonjeza mawu. Ndinawafunsapo ngati akuwadula malipiro mwakachetechete, anangoti, "Zili bwino, bambo," monga momwe anthu amanenera. Sindikudziwa ngati nzoona. Sindikudziwanso ngati tsiku lija anabwera okha kutchalitchi kapena anatumidwa, kapena ngati alamu anapatsidwa kangachepe. Matenda anga aja sanatheretu. Zimenezo ndinazisiya m'manja mwa Iye amene amaona za mseri.

Koma panali chimodzi chimene sindikanamusiyira Iye, chifukwa chinali changa. Pa envelopu ija ndinapatula ya thiransipoti. Ndinatenga bulangeti limodzi, lomwe mkazi wanga anachapa kasanu ndi kawiri, nkukwera minibasi pa depoti ya Limbe kupita ku Ntaja. Ndinafunsa m'mashopu, ndinafunsa pa mzikiti. Anandilozera pansi pa mtengo wa mango, pomwe bambo wina wamfupi wa ndevu za imvi ankakonza njinga.

Anakweza mutu, nkundiyang'ana nthawi yaitali. "Abusa," anatero.

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'minibasi. Onse anathawa. Ndinaika bulangeti pa benchi yake.

"Amwene, pepala lija limene anakuchotserani ntchito, ndinasaina ndine."

"Ndikudziwa," anatero akupukuta manja pa chigamba. "Bwana anandionetsa tsiku lomwelo. Dzina lanu lonse, mwalemba bwinobwino."

"Munkadziwa? Nanga poto uja munandisiyiranji?"

"Mukanaphikira chiyani?"

Jafali anatenga bulangeti lija, nkulitambasula, nkuyesa kukhuthala kwake ndi zala. Kenako analiika pamphuno, nkukwinya nkhope.

"Dizilo uyu," anatero. "Wanga uja anali petulo."

Analipinda bwinobwino, nkuliika kumbuyo kwake pamwamba pa bokosi la zitsulo. Anakankha kampando ndi phazi kubwera nako kwa ine.

"Khalani pansi, Abusa. Tandigwirirani tayala ili."